Ndowe Zoyera pa Dooko la Mtondo

Sunthirani kuno, utsi ukupita uko. Nkhani iyi sindiikonda, ndipo ndikaitha musandifunse kuti chidali chiyani chifukwa nanenso sindidziwa.

Kumunsi kwa Shire, m'mudzi wa Thendo, mudali mkamwini wina dzina lake Alufandika. Munthuyu adagwira ntchito zaka zambiri kunkhalango yosungirako nyama, ndipo adabwerako wopanda njinga, wopanda malata, koma ndi luso limodzi lokha: kuwerenga ndowe za nyama. Musaseke. Kumadambo kuja luso limenelo ndi moyo wa anthu.

M'mawa uliwonse, akazi asadanyamule mitsuko, iye ankayenda m'mphepete mwa mtsinje ndi kandodo kake kansungwi, maso ali pansi. Ndowe za mvuu sizivuta, imazimwaza ndi mchira patchire ponse. Za katumbu zimadzaza ndi zigoba za nkhanu. Za ng'anzi n'zakuda, kansonga kokha ndiye koyera. Zovuta ndi ziwiri, za fisi ndi za ng'ona, pakuti zonse zikauma zimayera mbee ngati phulusa. Pamenepa Alufandika adali ndi lamulo lake, ndipo ankalinena mpaka anthu kutopa nalo.

"Zoyerazi musamangoziona ndi maso ayi. Phwanyani."

Za fisi ukaphwanya umapezamo ubweya ndi tizidutswa ta mafupa. Za ng'ona n'zosalala m'kati ngati dongo louma, chifukwa mimba yake imasungunula zonse, ndipo zimanunkha matope ndi nsomba. Akapeza za ng'ona ankazika bango n'kumangirirapo kansanza kofiira, ndipo tsiku limenelo akazi ankakatunga dooko lina. Zaka zisanu ndi ziwiri zidatha mudzi wa Thendo osalira maliro a ng'ona. N'chifukwa chake, ngakhale adali wobwera, ngakhale iye ndi mkazi wake Esinala adalibe mphatso ya mwana, palibe amene ankamuyankhula mopeputsa. Ulemu wake wonse pamudzipo udali pa kandodo kaja, ndipo iye ankadziwa zimenezo.

Tsiku lina m'nyengo yotentha adachedwa pang'ono. Atafika pa dooko la Mtondo adapeza akazi ataima kale ndi mitsuko yawo, ndipo pakati pawo padali mlamu wake Bizeki, mchimwene wa Esinala. Bizeki adali mlimi wa mbatata, munthu wosadziwa kubisa mawu. Ankaloza mulu woyera pamchenga.

"Alamu, mwachedwa. Ng'ona yagona pano. Taonani izi."

Mayi wina adaseka. "Kani a Bizeki nawonso aidziwa ntchitoyi! A Alufandika, mukapume tsopano."

Akazi onse adaseka nawo. Kudali kuseka wamba, kwa m'mawa, kopanda njiru. Koma Alufandika kudamulowa mumtima. Adaziyang'ana ndowe zija ali chiimire, osawerama n'komwe.

"Ndi fisi uyu. Wabwera kudzamwa madzi."

"Phwanyani tione," adatero Bizeki.

"Ndiphwanye kuti mundiphunzitse inu? Ine ndidayamba ntchito iyi inu mukuyenda ndi kabudula wobooka. Ndati fisi."

Akazi adayang'anana, wina osasuntha. Ndiye Esinala adatulukira kutsogolo. Mayiyu sankalola kuti mwamuna wake anyozedwe pagulu, komanso masiku amenewo iye ndi Bizeki ankalimbirana dimba limene mayi awo adasiya.

"Achimwene, inu zanu ndi mbatata," adatero. "Amuna anga akati fisi, ndi fisi basi."

Adakwinya chitenje, n'kulowa m'madzi mpaka m'mawondo, n'kumiza mtsuko. Sadakuwe. Madzi adangotseguka n'kutsekeka. Mtsuko wokha ndi umene udatsala, ukuzungulirazungulira pamwamba.

Anthu onse adathamangira kumunsi kwa mtsinje, akukuwa, ena akuponya miyala m'madzi. Alufandika yekha adatsala pa dooko. Adaponda mulu woyera uja ndi chidendene. Udafumbutuka bwinobwino, wosalala, wopanda ubweya ngakhale umodzi, ndipo fungo la matope ndi nsomba lidamufika m'mphuno. Adayang'ana uku ndi uku, n'kukankhira zonse m'madzi ndi phazi.

Anthu adafunafuna masiku atatu, osapeza ngakhale kansanza. Tsiku lachinayi adachita monga amachitira munthu akasowa m'madzi: adadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu ya malemuyo ndi mphasa, n'kukaliika m'manda. Alufandika adalira mpaka mawu kutha, ndipo kulirako kudali koona. Iye ankamukonda ndithu Esinala. Musaiwale zimenezo, ngakhale mumve zimene zikubwerazi.

Manong'onong'o adayamba anthu asadamete n'komwe. Adawayambitsa ndi Tchale, msodzi wina wapakamwa.

"Tiyeni tiganize bwino," ankatero paliponse pamene wapeza anthu atatu. "Katswiri wathu adati fisi. Ndiye ng'onayo idachokera kuti? Nanga Bizeki adaidziwa bwanji isadaoneke? Munthu wa mbatata kudziwa kumene ng'ona yagona? Ndipo dimba lija latsala ndi yani?"

Kumeneko amakhulupirira kuti ng'ona zina n'zoweta, mwini wake amazituma ngati galu. Mawu a Tchale adagwera pa anthu achisoni amene ankafuna wina woti amuloze chala. Akuluakulu atatu adapita kwa Alufandika, n'kukhala naye pakhonde.

"Pepani, tikudziwa kuti mtima udakali wowawa. Tangotiuzani. Ndowe zija zidali za chiyani?"

Alufandika adayang'ana pansi. Akanena zoona, ndiye kuti wapha mkazi wake ndi matama, pamudzi pa eni ake.

"Za fisi," adatero.

Ine pamenepa m'pomwe ndimamuda. Pa dooko paja adalakwa ndi mkwiyo wa kanthawi, zimachitika. Koma pakhonde paja adali atakhala pansi, atapuma bwino, akudziwa chimene mawu akewo amuchite Bizeki.

Patapita sabata, akuchokera kumtsinje, Alufandika adapeza ndowe zoyera pakati pa njira, pansi pa mvunguti, kutali ndithu ndi madzi. Ng'ona ikayenda pamtunda siibisika, imasiya mapazi ndi mzere wa mchira ngati wina wakoka chipika. Apa fumbi lidali losalala, timapazi ta njiwa tokha. Adagwada, n'kuphwanya ndi kandodo. M'kati mudali mosalala ngati dongo. Ndipo pakatikati padali kanthu kofiira.

Udali mkanda umodzi, wa mikanda ya m'chiuno mwa Esinala. Mimba ya ng'ona imasungunula fupa, koma mkanda siutheka. Palibe munthu wina pansi pano amene akadauzindikira. Iye adauzindikira ndi zala, asadaupukute n'komwe. Adauika m'kabokosi ka machesi, n'kupita kunyumba osauza munthu.

Kuyambira tsiku limenelo zinthu zing'onozing'ono zidayamba kusokonekera pakhomo pake. Nkhata imene Esinala ankasenzera madzi idasowa pa msomali pamene inkakhala. Mtsuko wa kuseri kwa chitseko, umene iye adausiya wouma, adaupeza wodzaza mpaka pakamwa, madzi ake amatope, kabango kakuyandama pamwamba. Adafunsa akazi oyandikana nawo kuti wamutungira ndani, kuti athokoze. Onse adakana, ndipo mmodzi adabweza mwana wake kumbuyo. Alufandika adataya madziwo. Mawa lake mtsuko udadzazanso.

Galu wawo, amene ankagona pakhomo chigonere kuyambira ali kamwana, adasamukira kwa Bizeki. Alufandika akamuitana ankangogwedeza mchira ali patali, koma osadutsa mpanda. Tchale adaona zimenezi n'kuwonjezera pa mulu wake: "Mwaona? Walanda ndi galu yemwe."

Ndowe zachiwiri zidali m'mbali mwa munda. Zachitatu pa chitsime chakale chouma. Zonse zopanda mapazi, zonse ndi mkanda umodzi m'kati. Alufandika adali munthu wowerenga zizindikiro, ndiye sadafunikire womuuza kuti mzere umenewu ukulunjika kuti.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, nthawi imene ngakhale mbuzi zimabisala, adaona mayi akuyenda patsogolo pake m'njira yochokera ku dooko. Adasenza mtsuko osaugwira. Chitenje chake chidanyowa chonse, chikudontha, koma m'mene ankapondamo fumbi lidali louma. Nyenje zimene zinkalira m'mitengo zidangoti zii.

"Mwaswera bwanji, mayi?" adatero Alufandika, mawu akutuluka aang'ono.

Mayiyo sadacheuke. Iye adafulumiza, mayiyo osafulumira, koma mtunda pakati pawo sudachepe. Pokhotera njira, pamene bango limatchinga, adamusowa. Pamalopo padali mulu wina, ndipo uwu udali usadayere. Udali wauwisi, ntchentche zisadaupeze.

Madzulo ake adakhala m'nyumba chitseko chili pululu, n'kuyankhula kwa mtsuko uja ngati wamisala. "Mukufuna chiyani kwa ine, Esinala?" Kudali kufunsa chabe. Ankadziwa.

Nthawi yonseyi Bizeki zinthu zinkamuipira. Anthu adaleka kumupatsa moni. Akafika pa bawo, amuna ankadzuka mmodzimmodzi. Kumsika mbatata zake zinkabwerera momwe zapitira. Kawiri konse Alufandika adafika mpaka pa mpanda wa mlamu wakeyo, n'kubwerera. Kachitatu Bizeki adamuona, n'kutuluka. Adali ataonda, maso atalowa m'kati.

"Alamu, ine sindikukupemphani zambiri," adatero. "Mlongo wanga wapita, sabweranso. Musanene kuti zidali za ng'ona ngati zikukuvutani. Ingonenani kuti simudaphwanye. Mawu amenewo okha. Ana anga akulephera kupita kusukulu, anzawo akuwagenda."

"Ndamva, alamu."

"Munena?"

"Mawa. Ndipatseni mawa."

Mawa lidafika, Alufandika n'kupeza ndowe pansi pa nkhokwe yake, ndipo m'malo mopita kwa anthu adakhala tsiku lonse akusesa bwalo. Mkuja wake ndowe zidali pakhonde. Mantha adali nawo, aakulu, koma manyazi adali aakulu kuposa mantha. Amuna ena ali choncho, ndipo mukuwadziwa.

Sabata imeneyo anyamata adatentha nkhokwe ya Bizeki masanasana. Mkazi wake adatenga ana n'kubwerera kwawo. Akuluakulu adakumana, n'kugamula kuti pofuna kupewa mwazi, Bizeki awoloke mtsinje Loweruka m'mawa, apite kutsidya, asadzapondenso pa Thendo.

Loweruka Alufandika adadzuka kutacha kale. Chitseko chidali chopiringidza monga adachisiyira. Fungo la matope lidadzaza nyumba. Atatembenuka adaona kuti mbali ya mphasa imene ankagona Esinala yanyowa, kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, kutalika kwa munthu. Ndipo pafupi ndi dzanja lake padali mulu wina wa ndowe. Adauyandikiza chikhatho, osaukhudza. Udali wofunda.

Adathamanga osavala nsapato.

Pa dooko la Mtondo padali mudzi wonse. Bizeki adaima pafupi ndi bwato, kathumba ka zovala m'manja, khasu paphewa. Palibe amene adafuna kumuwolotsa, ndipo ankakangana kuti amukankhire yekha kapena ayi. Alufandika adadutsa pakati pa anthu, n'kuima pamalo pomwe padali ndowe zoyamba zija.

"Imani! Mverani ine!" Adapuma kawiri. "Sindidaphwanye. Tsiku lija sindidaphwanye. Ndidapsa mtima chifukwa alamu adanena poyamba ndipo inu amayi mudaseka. Inu mutathamangira kumunsi ndidaziponda. Zidali za ng'ona. Ndidazikankhira m'madzi ndi phazi ili. A Bizeki adanena zoona. Wapha Esinala ndi ine, ndipo ndidakunamizani pakhonde panga."

Bizeki adatsitsa khasu pansi pang'onopang'ono. Kwa kanthawi kochepa zidaoneka ngati zatheka.

Kenako Tchale adagwedeza mutu mwachisoni. "Mayo ine. Mwaona, abale? Wamulowa mpaka m'kamwa. Zaka zisanu ndi ziwiri munthu uyu sadaphonyepo. Lero tsiku lochoka mfiti m'pomwe akuti adaphonya?"

"Ndikunena ndekha! Palibe wandituma!"

"Taonani maso akewo. Taonani m'mene waondera. Si iye akuyankhulayu."

Alufandika adatulutsa kabokosi ka machesi, n'kukhuthulira mikanda m'dzanja, n'kuwauza zonse: za mvunguti, za mtsuko, za mayi wa m'njira, za mphasa. Ankaganiza kuti umenewu ndi umboni. Akazi ataona mikandayo adagwira pakamwa, ena n'kuyamba kulira.

"Kumutumizira mikanda ya mkazi wake mpaka m'nyumba! Nkhanza zotani zimenezi, a Bizeki? Kudya mlongo wanu sikudakukwaneni?"

Mwala woyamba udagwera m'madzi. Wachiwiri udamupeza Bizeki pa phewa. Alufandika adakuwa mpaka mawu kusasa, koma anthu ankamusisita pamsana, kumuuza kuti apepese mtima, achira mfitiyo ikachoka. Bodza lake adalilandira tsiku limodzi. Zoona zake adazikana, ndipo adazikana chifukwa chomukhulupirira kwambiri.

Ataona kuti miyala ikuchuluka, Alufandika adamugwira Bizeki pa mkono, kumukhazika kutsogolo kwa bwato, iye n'kutenga nkhafi n'kukhala kumbuyo. Anthu adayesa kumugwira, iye adakankha bwato ndi mphamvu.

Zotsalazi adazinena Bizeki mwini, kamodzi kokha, kwa anthu a kutsidya amene adamutola.

Akuti adapalasa mpaka pakati pa mtsinje. Pamenepo bwato lidaima. Silidagunde kanthu, lidangoima, madzi akudutsa mbali zonse. Kenako lidatsika kumbuyo pang'ono, monga limachitira munthu wachitatu akakwera. Madzi ozizira adayenderera m'kati mwa bwato mpaka kumunyowetsa zidendene.

"Alamu," adatero Alufandika, mawu ake ali odekha kwa nthawi yoyamba chichitikire maliro, "yang'anani kutsidya. Musacheuke, chonde."

Bizeki sadacheuke. Adamva mlamu wake akuyankhula motsitsa, m'mawu amene mwamuna amayankhulira ndi mkazi wake m'nyumba mukakhala mulibe alendo.

"Ndanena. Mwamva nokha kuti ndanena." Padapita kanthawi. "Ndikudziwa. Ndachedwa." Padapitanso kanthawi, katalikirapo. "Iyayi, iwowa asiyeni awoloke. Iwowa alibe mlandu."

Sipadamveke kukuwa, kapena phokoso la chinthu chogwera m'madzi. Bwato lidangopepuka, n'kuyamba kuyenda lokha, molunjika, osatengedwa ndi madzi, mpaka lidakhudza mchenga wa kutsidya. Apo m'pomwe Bizeki adacheuka. Nkhafi idali itaikidwa bwinobwino m'bwato, mopingasa, ngati mwini wake wangotsika pang'ono.

A ku Thendo adaona zonse ali patali: anthu awiri akunyamuka, mmodzi akufika. Sadafunikirenso umboni wina. Bizeki adakhala kutsidya zaka khumi ndi chimodzi akulima maganyu m'minda ya eni, ndipo adamwalira osaonanso ana ake. Pa Thendo mpaka lero amati adadya anthu awiri, mlongo wake ndi mlamu wake, ndipo mwana akamavuta kudya, amayi ake amamuuza kuti akapanda kumaliza aitana a Bizeki.